Mtengo unagwa Lolemba

Mvula inagwa usiku wonse wa Lamulungu, ndipo Lolemba cha m'ma 5 koloko m'mawa mtolankhani wathu wa kuboma anatumiza uthenga pa WhatsApp: "Mtengo wagwa pamsika, anthu awiri avulala, ali kuchipatala." Ntchito yanga pa wailesi yathu yaing'onoyi, kuno kum'mwera, ndi yokonza nkhani zisanafike m'manja mwa wowerenga. Ndinadula chiganizocho kuti pakhale mutu wa nkhani wakuti "Mtengo wagwa pamsika waukulu", za ovulalawo ndinaziika m'munsi, kenako ndinapita kukhitchini kukafuna tiyi.

Wowerenga nkhani za 6 koloko anali mnyamata watsopano, amene wangotha miyezi iwiri pantchito. Ndikuthira shuga m'kapu ndinamumva pa sipika akuwerenga mutuwo ndi mawu achimwemwe, ngati munthu wobweretsa uthenga wa ukwati. Anatchula mtengo wa pamalonda, osati wa masamba. Ndinangoti kakasi, supuni ili m'manja. Mitu ya nkhani imayamba yawerengedwa yonse payokha, ndiye kwa mphindi zitatu omvera athu anakhulupirira kuti zinthu zatchipa kumsika. Mu Januwale, nkhokwe zili mbee, nkhani yotere siichedwa kuyenda. Foni ya mu ofesi inayamba kulira nkhani zisanathe n'komwe. Mayi wina anangofunsa kuti, "Bambo, ndiye chimanga chafika pa zingati?"

Pakamwa mawu awiriwa sasokoneza munthu. Tikamanena mtengo womera, liwu limakwera pa "te". Tikamanena wa pamalonda, limangoyenda pansi mpaka kumapeto. Mwana wa zaka zinayi amasiyanitsa osaphunzitsidwa. Koma papepala ndi zilembo 6 zomwezo, ndipo pepala sililankhula.

Abwana atafika anafuna kumudzudzula mnyamatayo. "Mwanayu si wa ku Dowa? Chichewa chamuvuta pati?" Ndinawayankha kuti Chichewa amachimva bwino kuposa tonsefe, wolakwa ndine. Amene ali pa maikolofoni alibe nthawi yosuzumira mzere wapansi kuti adziwe tanthauzo la mzere wapamwamba. Diso likaona, pakamwa patuluka kale. Abwana anati ndikanangolemba mtundu wa mtengowo. Ndinayesa pamaso pawo: "Mtengo wa mango wagwa pamsika." Tonse tinaseka, chifukwa apa m'pamene pakanasonkhana amayi ndi madengu. Chimene chikanatipulumutsa ndi mneni: "Mtengo wazuka n'kugwera anthu." Mtengo wa pamalonda ulibe mizu yoti n'kuzuka.

Lachiwiri linali tsiku la tizolakwika ta zala. Wogulitsa zipangizo za ulimi wina anabweretsa uthenga wa malonda wotayipa kale, woitanira alimi kudzagula "mbewa zamakono zopirira ku chilala". Chilembo chimodzi chokha, mbewu n'kusanduka ndiwo za m'mbali mwa msewu. Masana kunabwera uthenga wa maliro wolembedwa pamanja, wakuti malemuwo asiya ana atatu ndi "mbale mmodzi". Pamenepa palibe amene angasokonezeke kwenikweni, "mmodzi" akuulula kuti ndi munthu, komabe ndinabwezerapo kankhodolero kaja kuti akhale m'bale. Uthenga wa maliro suyenera kuseketsa munthu ngakhale mwangozi. Ndinakonzanso "akayesedwe magazi" kukhala "akayezetse magazi". Kuyesa ndi kwa mayeso ndi kwa Satana, kuchipatala amayeza.

Lachitatu ndiye linandidyera tsiku lonse. Tili ndi pulogalamu ya zaumoyo, ndipo sabata imeneyi inali ya matenda amene achipatala amawatchula kuti onchocerciasis. Amapezeka m'maboma a mapiri ngati Thyolo, Mulanje ndi Mwanza. Amafala ndi tintchentche takuda timene timaswana m'mitsinje yothamanga madzi. Tikaluma munthu timamusiyira tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Mankhwala ake ndi ivermectin, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Mectizan, ndipo amagawidwa m'midzi kamodzi pachaka. Ogawa sakhala ndi sikelo, amaimika munthu pambali pa ndodo yoyezera msinkhu n'kuona kuti amwe mapiritsi angati.

Mlangizi wa zaumoyo amene anatilembera mawu a pulogalamuyo anaika chiganizo ichi: "Mukapanda kumwa mankhwalawa, khungu lidzakuvutani." Ndinachiwerenga katatu. Khungu lake liti? La pathupi, limene liwu limakwera pa "khu", kapena la kusaona, limene limatchulidwa motsika? Mawu ena akakhala ndi matanthauzo awiri, nkhani yomwe ikukambidwayo imakuuza loyenera. Apa ayi. Matenda amenewa amagwira zonse ziwiri: tinyongolotsi tija timayenda pansi pa khungu, munthu n'kumakanda usiku wonse mpaka miyendo kuchita mawangamawanga, ndipo tikafika m'maso munthu amatha kuchita khungu. Ngakhale agwirizanitsi ake ndi amodzi: ili "lidza-", ilonso "lidza-".

Ndinawaimbira foni. "Achimwene, khungu mukunenali ndi liti?" Iwo anakhala chete pang'ono, kenako anaseka n'kunena kuti polemba ankaganiza za kuyabwa, koma tsopano akuona kuti enawo ndiye oopsa kwambiri. Tinagwirizana zothyola chiganizocho pawiri: thupi lidzayabwa n'kuchita zidzolo, ndipo maso akhoza kusiya kuona. Chinatalika, pulogalamu inapitirira ndi masekondi angapo, wopanga mapulogalamu anang'ung'udza. Ine sindinasinthe maganizo. Gogo wa kumudzi amene akuganiza zoti amwe mapiritsi kapena awataye kuseri kwa nyumba ayenera kumva zonse ziwiri, osati kusankhiridwa chimodzi ndi lilime la wowerenga.

Madzulo ake tinakangana ndi mkulu wina amene wakhala pa maikolofoni kuyambira ine ndili kupulayimale. Iwo amati ndimakokomeza. "Mwana wanga, Chichewa tinachilemba chonchi kuyambira kalekale, ndani anafa nacho?" Mbali ina akunena zoona. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, sanatilamule kuika zizindikiro za kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo mabuku a kusukulu, nyuzipepala ndi Baibulo timawerenga bwinobwino popanda zimenezo. Nanenso sindifuna kuti tiyambe kudontheza timizere pamwamba pa chilembo chilichonse. Pa foni ndani angapirire? Koma wowerenga buku akakhumudwa amabwerera m'mbuyo mwakachetechete, palibe womuona. Wa pawailesi akakhumudwa, boma lonse lamva. Ndinawakumbutsanso kuti mapepala awo omwe amakhala ndi timizere ta pensulo pamwamba pa mawu ena. Anati zimenezo ndi zawo, si za malamulo, ndipo anatuluka kukasuta.

Lachinayi tinapuma ndi kuseka. Mlembi wa gulu lina la banki m'khonde anabweretsa chilengezo: "Amayi onse okongola asonkhane Loweruka pabwalo la amfumu." Ndinamufunsa ngati osakongolawo aziphika kunyumba. Mayiyo sanamve msanga, kenako anagwira pakamwa. Ankanena amene anakongola ndalama za gulu. Tinalemba kuti "amayi onse amene ali ndi ngongole", ngakhale iye anadandaula kuti mawuwo ndi owawa, ena sabwera. Mwina ankadziwa chimene ankachita polemba poyamba paja.

Vuto la Lachisanu linalibe choseketsa. Mkulu wina wa bungwe lothandiza anthu anayankha mafunso a mtolankhani wathu polemba, ndipo mwa zina anati: "Timagawa ufa kwa mabanja ovutika m'dera limeneli." Mawu akuti "timagawa" ali ndi nthawi ziwiri m'mimba mwake. Ukakweza liwu pa "ti", ukunena zimene mumachita masiku onse, mpaka lero. Ukakweza pa "ma", ukunena zimene zinkachitika, mwina zinatha. Kwa mayi amene ali ndi ana anjala, kusiyana kwake ndi ulendo wa makilomita angapo wapansi ndi thumba lopanda kanthu pobwerera. Mtolankhani wathu anali wotsimikiza kuti ufa ukugawidwabe. Ndinamuuza kuti aimbenso. Zinapezeka kuti kugawako kunaima chaka chatha ndalama zitatha, ndipo mkuluyo ankafotokoza zakale. Sindikunena kuti anafuna kutinamiza. Analemba mmene akanalankhulira, kungoti liwu lake linatsalira kukhosi, silinafike papepala. Chichewa chili ndi njira yake yotsekera mpata umenewu, ndiyo "tinkagawa", ndipo ndi imene tinaulutsa. Kuyambira tsiku limenelo ndalamula atolankhani athu kuti za m'mbuyo azilemba ndi "-nka-", ndipo "-ma-" azimusiyira za masiku onse. Ena akuti ndikuwaphunzitsa Chichewa cha m'kalasi. Ndawauza kuti kunyumba kwawo alankhule mmene afunira.

Pa shelefu ya mu ofesi pali Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies a ku Zomba, wothothoka chikuto. Sabata imeneyi mnyamata uja wakhala akuutsegula nthawi ya nkhomaliro, n'kumalemba m'kabuku kake mawu a nkhope ziwiri: kamba wa m'tchire, kamba wa paulendo ndi kamba koti, mtanda wa kutchalitchi ndi mtanda wa nsima, chikuku cha matenda ndi chikuku chokankha, kulemera kwa katundu ndi kulemera kwa mwini sitolo. Sindinamutume. Manyazi a Lolemba aja anamulowa, ngakhale ndinamuuza kawiri konse kuti mlandu sunali wake.

Loweruka m'mawa, kutatsala mphindi zisanu kuti nkhani ziyambe, anatuluka mu situdiyo pepala lili m'manja.

"Akulu, mbuzizi zili m'mwamba kapena zili kumsika?"

Ndinayang'ana. Ndi dzanja langa lomwe ndinali nditalemba kuti "Mbuzi zakwera mtengo". Ndinalanda pepalalo, kufufuta, n'kulemba mofulumira kuti "Mbuzi zadula".

"Zadula chingwe?"

Ndinamuyang'ana, iye osaseka n'komwe. Ndinafufutanso. "Ogula mbuzi akulipira ndalama zambiri kuposa mwezi watha." Anawerenga chamumtima milomo ikugwedera, anagwedeza mutu, n'kuthamangira mu situdiyo nyimbo yotsegulira nkhani itayamba kale kulira.