Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Ulendo wa ku Los Algodones

Gawo lapitali ndinakusiyani ndili pa kauntala ya sitolo ya mankhwala ku Phoenix, ndikubweza kabotolo ka insulini, mankhwala obaya a matenda a shuga, chifukwa mtengo wake unali pafupifupi madola 300. Mtsikana wogulitsayo sanadabwe ngakhale pang'ono. Anangokatenga n'kukabwezera mu firiji, n'kuitana wotsatira. Zinaonetseratu kuti si ine woyamba kubweza mankhwala pamenepo.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ziwiri zosamalira okalamba, ina m'mawa ina usiku. Pa ziwirizo panalibe imene inkandipatsa maola okwanira kuti andiike pa inshuwalansi ya chipatala. Anthu kumudzi akamva kuti uli ndi ntchito ziwiri ku America amaganiza kuti ukusambira m'ndalama. Ine ndinkabaya okalamba insulini ya boma m'mawa, madzulo n'kumayang'ana yanga m'kabotolo poikweza kunyali, kuwerengera kuti yatsala ya masiku angati. Ndinayesapo ya mtundu wakale ija, ya madola 25, koma inandigwetsa shuga pakati pa usiku kawiri konse. Kachiwirikako bambo a kunyumba anandipeza pansi kubafa, thukuta lili noninoni, akundithira madzi a shuga m'kamwa ndi supuni. Kuyambira pomwepo anati imeneyo isalowenso m'nyumba muno.

Amene anandiuza za Los Algodones ndi mnzanga wa pa shifiti ya usiku, mayi wamkulu wobadwira ku Sonora, ku Mexico. Anati ndi katauni kakang'ono ka ku Mexico, kufupi ndi mzinda wa Yuma wa mbali ya America, katauni komwe kuli madokotala a mano ambirimbiri, ogulitsa magalasi a maso, ndi masitolo a mankhwala. Galimoto umaisiya mbali ya America, n'kuwoloka wapansi. Tinapangana kuti tipita kumapeto kwa Marichi, chaka cha 2023.

Ndiye mwezi umenewo unabwera ndi zake.

Pa 3 Marichi, anthu anayi a ku South Carolina, kuno ku America, anawoloka malire pa galimoto kulowa mu Matamoros, mzinda wa ku Mexico. Mmodzi wa iwo amapita kukachitidwa opaleshoni. Anthu a mfuti anawaombera masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuwakweza mu galimoto ina. Patapita masiku anayi anawapeza, awiri atafa. Kanema wake anazungulira pa WhatsApp mpaka anafika kwa amayi anga ku Ntcheu, amene ndinali nditawauza kale za ulendo wanga, kupusa kwanga.

Anandiimbira nthawi ya 3 koloko usiku. Amayi sanazolowerebe mpaka pano kuti kukamacha kwawo kuno kumakhala kukuda.

"Mwana wanga, kumene ukuti ukupita kuja si kumeneku?"

"Ayi amayi, n'kwina. N'kutali."

"Kutali bwanji, si Mexico yomweyo?"

Ndinawafotokozera kuti kuchoka ku Matamoros kukafika ku Los Algodones ndi mtunda woposa wochoka ku Blantyre kukafika ku Joni. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Bambo ako ankanena chimodzimodzi."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndimakumbukira. Bambo anga anali dalaivala wa malole m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Ankadutsa njira ya Mwanza, Zobue, Tete mpaka Nyamapanda, malole atandondozana, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza kutsogolo ndi kumbuyo. Usiku woti mawa anyamuka, amayi sankagona. Bambo ankakhala pakhonde akufunsa madalaivala anzawo amene abwera kumene kuti msewu uli bwanji sabata ino, chaphulika chilichonse kapena ayi, ndani watsala m'njira. Sankafunsa ngati ku Mozambique kuli nkhondo. Zimenezo aliyense ankadziwa. Ankafunsa za msewu wawo, sabata imeneyo. Nkhondo inatha mu 1992 iwo ali moyo, ndipo chimene chinadzawatenga ndi shuga yemweyu, pa bedi, mu 2004.

Ndiye nanenso ndinakhala pansi kufunsa za msewu wanga. Boma la America limaika madera a ku Mexico m'magawo anayi malinga ndi kuopsa kwake. Tamaulipas, komwe kuli Matamoros, anali pa gawo lachinayi, loti usapiteko n'komwe. Baja California, komwe kuli Los Algodones, anali pa gawo lachitatu, loti uganize kawiri. Sindikunamizani, gawo lachitatu si lotonthoza mtima. Koma Baja California yomweyo ndi imene muli Tijuana, mzinda waukulu wa mavuto ake, pamene ine ndimapita ku katauni koti ukhoza kukazungulira wapansi mphika wa nyemba usanapse. Mnzanga uja anali atapitako mwezi wa Januwale ndi apongozi ake. Gogo wina amene ndinkamusamalira m'mawa, wa zaka 81, anandionetsa mano ake oikirira n'kunena kuti anachokera komweko.

Ndikanatha kudikira mwezi wina, kusunga ndalama, kugula konkuno. Ndinaganizadi zimenezo. Koma sabata yotsatira namondwe wa Freddy anagwa ku Blantyre. Matope anatsika m'phiri la Soche usiku n'kulowa mu Chilobwe, komwe mchimwene wanga amachita lendi. Anapulumuka iye, mkazi wake ndi ana, koma anatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. Ndalama zimene ndinasunga zonse ndinatumiza tsiku lomwe foni yake inapezeka. Nditabwera kotumiza ndalamako ndinatsegula firiji n'kukweza kabotolo kunyali. Inali ya masiku 12.

Bambo a kunyumba sanalankhule zambiri. Anangoti, "Mayi, ngati mukupita, muwoloke m'mawa, dzuwa lisanapendeke mukhale mutabwerera. Ndipo khadi lija muliike m'kati mwa malaya, osati m'chikwama."

Khadi limene amanenalo ndi green card, chiphaso chololeza mlendo kukhazikika ku America. Apa ndi pamene nkhani yanga imasiyana ndi ya azungu okalamba amene amadzaza katauni kaja. Iwo akaopa, amaopa mfuti. Ine chimene chinandisowetsa tulo kwambiri ndi chipata chobwererera. Mzungu akataya pasipoti amachedwetsedwa, kufunsidwa mafunso, kenako amapita kwawo. Ine ndi pasipoti ya Malawi, khadi litasowa mbali inayo, ndikanayamba kufotokozera ndani, m'chinenero chanji? Ndinalipeza pa mpikisano wa maere uja wa DV, nditayesa zaka zisanu. Usiku umenewo ndinalisokera kathumba m'kati mwa bulauzi, monga amachitira amayi a geni akamapita kokaoda ku Limbe.

Kutatsala masiku awiri kunabwera mlendo. Ndi mayi wa kwathu, wamkulu kwa ine, timapemphera limodzi, ndipo ndimawatchula kuti achemwali. Anabwera ku America pa viza yocheza zaka zambiri zapitazo ndipo sanabwerere. Iwo kuwoloka malire ndiye kuti basi, sadzalowanso. Ngakhale kufika ku Yuma kokha sangayerekeze, chifukwa pa msewu wobwerera pali malo amene apolisi a m'malire amaimitsa magalimoto. Anakhala pa mpando, kumwa tiyi, kufunsa za mchimwene wanga, kenako anatulutsa kabokosi kopanda kanthu ka mankhwala a BP ndi madola 60 opindapinda.

"Mng'ono wanga, ukandigulireko. Atatu okha."

Ndinali nditawerenga malamulo. Mankhwala amene umalowa nawo ayenera kukhala ako, a m'mabokosi ake, osapitirira a miyezi itatu, ndipo ndi bwino kukhala ndi pepala la adokotala. Ine pepala langa linali la insulini ndi metformin, mapiritsi a shuga, basi. Ndikudziwa kuti anthu amagulirana, ndipo ambiri palibe chimawachitikira. Koma wapachipata akandifunsa kuti awa ndi a ndani, ndikanati chiyani? Kunama kwa wapachipata uli ndi green card ndi kuseweretsa moto padenga la udzu. Kunena zoona ndiye kutchula munthu amene wakhala zaka zonsezi akupewa kutchulidwa.

Ndinawakanira. Ndinayesa kufotokoza, koma mawu ankatuluka opanda mchere. Anapinda ndalama zawo bwinobwino, kubwezera kabokosi m'chikwama, n'kunena kuti, "Palibe kanthu, ndamva." Tiyi sanamalize. Inu amene munakulira kwathu mukudziwa kuti "palibe kanthu" wotero amalemera bwanji.

Tinanyamuka Loweruka 5 koloko m'mawa. Kuchoka ku Phoenix kukafika ku Yuma ndi maola atatu, kudzera ku Gila Bend, chipululu chokhachokha, kenako mwadzidzidzi minda yobiriwira ya letesi. Titawoloka mtsinje wa Colorado tinalowa mu California pang'ono, n'kukhotera kumanzere ku chipata cha Andrade. Malo oimika magalimoto ndi a mtundu wa Quechan, eni nthaka a kumeneko, ndipo umalipira madola ochepa. Magalimoto ambiri anali a manambala a ku Canada, Minnesota, Washington, a okalamba amene amathawa chisanu kwawo n'kudzakhala ku Arizona mpaka kutenthe.

Ndinkayembekezera kuti mtima ugunda powoloka. Tinangoyenda m'kanjira ka mpanda, kumbuyo kwa agogo awiri ogwirana manja, wina ali ndi ndodo, ndipo ndisanazindikire mnzanga anati tafika. Chimene chinandilandira ndi phokoso. Anyamata ovala malaya a chipatala ali m'mbali mwa msewu, aliyense akuitanira kwake, wa mano, wa magalasi, wa mankhwala, kukupatsa timapepala m'manja usanavomere. Ndinaseka ndekha. Anali oitanira minibasi a pa Wenela enieni, kungosiyana chinenero. Mantha amene ndinanyamula kuchokera ku Phoenix anayamba kusungunuka pomwepo, chifukwa malo otere ndimawadziwa mayendedwe ake: usaime, usayang'ane m'maso, yankha mwaulemu uku ukuyenda, chikwama kutsogolo.

Mnzanga anandidutsitsa masitolo angapo osalowa. Mwezi womwewo boma la America linali litachenjeza kuti m'masitolo ena a mankhwala ku Mexico mukupezeka mapiritsi achinyengo osakanizidwa ndi mankhwala oopsa otchedwa fentanyl, makamaka opha ululu amphamvu aja amene amagulitsidwa limodzilimodzi popanda pepala. Iye anati lamulo lake ndi limodzi: sitolo imene wogulitsa akukunong'oneza za mapiritsi amene sunafunse, tuluka. Tinalowa mu ina yaikulu, yowala, ya mzere wautali.

Apa ndinachita ngati amayi anga akamagula nsomba ku Lizulu. Ndinapempha kuti ndione firiji imene akutulutsamo, ndipo anandionetsa osanyinyirika. Ndinagwira kabokosi, kanali kozizira. Ndinaona ngati chomata chake sichinatsegulidwepo. Ndinafunafuna tsiku lothera ntchito, mnzanga n'kundilozera mawu akuti caducidad, ndipo linali la chaka chotsatira. Nambala ya pa bokosi ndi ya pa botolo zinafanana. Ndinakweza botolo kuwala, monga ndimachitira kunyumba, ndipo madzi ake anali oyera mbee, opanda kachitsotso. Dzina la mankhwala linali lomwe lija, kampani yomweyo, mawu okha ndiwo anali a Chisipanishi. Mabotolo atatu pamodzi ndi metformin wa miyezi itatu sizinafike pa mtengo wa botolo limodzi lija ndinabweza ku Phoenix. Nditalandira lisiti ndinaliwerenga kawiri, kenako ndinapsa mtima, sindikudziwa kuti ndinapsera ndani.

Pa shelefu ya kumbuyo kwa wogulitsayo ndinaona kabokosi kofanana ndi kamene achemwali anandionetsa. Ndinafunsa mtengo. Madola 60 awo akanakwana, n'kutsalako chenji. Ndinaima pamenepo mpaka mnzanga anandikoka dzanja.

Vuto lenileni la tsikulo linali dzuwa. Mzere wobwerera unali wautali, wokhotakhota m'mbali mwa mpanda, ndipo tinaimapo pafupifupi maola awiri. Insulini safuna kutentha, safunanso kuuma ndi chisanu. Ndinali ndi kachikwama kozizira, ayezi nditamukulunga m'kathawulo kuti asakhudze mabotolo, ndipo ndinakafungatira pachifuwa pansi pa chitenje ngati khanda. Ogulitsa zipewa ndi zidole ankayenda m'mbali mwa mzere, wina akuimba gitala. Pakati pa mzere manja anayamba kunjenjemera. Ndinali nditabaya m'mawa koma osadya mokwanira chifukwa cha nkhawa. Gogo wina wa ku Canada amene anali kumbuyo kwanga anangoona nkhope yanga n'kutulutsa maswiti m'thumba, osafunsa kanthu. Kenako anatsegula chikwama chake pang'ono kundionetsa: nayenso anali ndi kachikwama kozizira.

Pa chipata ndinang'amba ulusi wa kathumba kaja ndi mano, anthu akundiyang'ana. Wapachipata anatenga pasipoti ndi khadi, kuyang'ana pa kompyuta, kuyang'ana ine.

"Mwagula chiyani?"

Ndinaika zonse pa tebulo, ndi pepala la adokotala pamwamba. Anatembenuza kabokosi kamodzi, kuwerenga, n'kufunsa funso lomwe lija ndinaliopa: "Zonsezi ndi zanu?" Ndinati inde, ndipo mawu anatuluka osagwedera. Anandibwezera khadi. Sizinathe ngakhale mphindi zitatu.

M'galimoto ndinatumiza uthenga kwa amayi kuti ndatuluka. Anayankha ndi mawu ojambula a mphindi zinayi, theka lake pemphero, theka lake kundikalipira. Kum'mawa kwa Yuma tinaima pa malo a apolisi a m'malire aja, galu akununkhiza matayala, ndipo ndinatulutsanso khadi kachiwiri tsiku limenelo.

Lamulungu kutchalitchi achemwali anakhala mzere wachitatu, pamene nthawi zonse timakhala limodzi kumbuyo. Titaweruka anandipatsa moni wa dzanja, kufunsa ngati ndinayenda bwino, n'kutembenuka. Ndinaona kuti mapazi awo atupa mpaka zingwe za nsapato zalowa m'mnofu. Lolemba m'mawa ndisanapite ku ntchito ndinayamba kuimba mafoni, kufunafuna kiliniki ya anthu ovutika imene sifunsa mapepala. Zimene ndinapeza, ndi mmene achemwali anandilandirira nditagogoda pakhomo pawo, ndidzakuuzani m'gawo 15.