Sabata yofufuza banja la antchito a m'mafamu ku Aberdeenshire

Ntchito yanga ndi yofufuza mbiri za mabanja kuno ku Scotland, ndipo sabata yathayi yonse inathera pa banja limodzi la ku Aberdeenshire, limene linakhalako mu ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, pakati pa 1837 ndi 1901. Anandituma ndi mayi wina wa ku Canada, amene akufuna kudziwa kumene makolo ake ankakhala asanawoloke nyanja.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinali m'mabuku a kalembera wa 1861, 1871 ndi 1881. Banjalo ndinalipeza, koma kalembera aliyense analipeza pa famu ina, ndipo ana ake anabadwira m'maparishi osiyanasiyana. Anthuwa sankasamuka chifukwa chokonda kuyendayenda ayi. Mwamuna wokwatira ankalembedwa ntchito kwa chaka chimodzi, wosakwatira kwa miyezi 6, ndipo ambiri ankalembedwa pa misika ya m'mwezi wa Meyi ndi Novembala, pomwe mlimi ankapereka kandalama kochepa kotsimikizira pangano. Nyumba inali ya pafamu, choncho pangano likatha banja linkakweza katundu pa ngolo n'kukayambiranso kwina, monga amachitira matenanti a m'minda ya fodya kwathu.

Lachitatu ndinatsegula zikalata za kubadwa, zimene boma linayamba kulemba mu 1855. M'zikalatazo bamboyo analembedwa kuti anali wolima ndi mahatchi, ntchito yolemekezeka pa famu, imene inkafuna kuti adzuke kusanache kukadyetsa mahatchi ake awiri. Malipiro ake anali ndalama pang'ono, ufa wa oats (mbewu yofanana ndi tirigu), mkaka ndi mbatatesi. Mwana wake woyamba ndinamupeza mu 1881 ali ndi zaka 13, akugwira kale ntchito pa famu ina. M'chigawochi anyamata otero ankagona m'chaumer, kachipinda komwe nthawi zambiri kankakhala pamwamba pa khola la mahatchi, ndipo m'mawa ankadya phala la oats longothiridwa madzi owira ndi mchere.

Chimene chinandivuta mumtima ndi nkhani ya mayi wa banjali. Pa malo olembapo ntchito yake, kalembera anangosiya mpata, ngakhale akazi a antchitowa ankapalira matanipi (mbewu ya mizu yodyedwa), kumanga mitolo pa nthawi yokolola ndi kukumba mbatatesi kukuzizira. Kum'mwera chakum'mawa kwa dzikoli, monga ku Berwickshire, mwamuna polembedwa ntchito ankayenera kubweretsanso mkazi wogwira ntchito ya m'munda. Ndikuona kuti aliyense wowerenga kalembera yekha adzaganiza kuti mafamuwa ankayendetsedwa ndi amuna okhaokha, pamene si zoona. N'chifukwa chake Lachinayi ndinakafunafuna mabuku amene aphunzitsi aakulu ankalembamo za tsiku ndi tsiku. Lamulo la 1872 linakakamiza ana a zaka 5 mpaka 13 kupita kusukulu, komabe aphunzitsiwo ankadandaula kuti makalasi apululuka nthawi yokolola ikafika, ana atatsatira amayi awo kumunda.

Mayi wa banjalo ndinamumva akudzifotokozera yekha Lachisanu, m'buku la opempha thandizo kwa akuluakulu a parishi pansi pa lamulo la amphawi la 1845. Anali wamasiye, atachotsedwa m'nyumba ya pafamu mwamuna wake atamwalira, ndipo ananena kuti ankadzisamalira ndi maganyu a m'munda mpaka pamene nyamakazi inamugwira. Tsambalo ndinaliyika patsogolo pa lipoti limene ndinatumiza ku Canada madzulo ake.