Tirigu walakwanji abale?

Pa Kasungu pano aliyense akuti ndasiya buledi ndi mandasi kuti mimba iphwe, ati tirigu ndi poizoni. Koma amene gluten, puloteni ya mu tirigu, amawapwetekadi m'matumbo, matenda a coeliac aja, ndi pafupifupi munthu 1 pa 100 basi. Enanu sikelo ikatsika ndi chifukwa mandasi amamwa mafuta, tiyi wake masupuni anayi a shuga, buledi wopaka majarini mbali zonse, mwachotsa zimenezo osati tirigu yekha ayi. Nanga kusiya sikono koma usiku mitanda isanu ya nsima yoyera ndi Fanta pambali mukuti muonda? Kkkk. Ine m'mawa mbatata yophika ndi mtedza, masana mgaiwa mitanda iwiri ndi nkhwani wotendera wambiri, buledi ndikamufuna ndimadya ndithu.