Waya wobiriwira uja sunkapita kulikonse

Lachinayi, usiku. M'zala muli dothi, msana ukuwawa, koma ndilembe kaye zisanandithawe m'mutu.

Masabata awiri apitawo anabwera anthu a kampani ya magetsi kudzasintha mita. Ine ndimati ndi ntchito ya mphindi khumi. Mmodzi wa iwo anatsegula bokosi la ma breaker, timaswitchi todzizimitsa tokha magetsi akachuluka, anasuzumira, anapima apa ndi apo, kenako anandisiyira pepala. Akuti mawaya a m'nyumba muno sakutsata malamulo, ndikonzetse kwa mmisiri wovomerezeka, ndikapereke chikalata chake, apo ayi adzadula. Analemba zinthu zitatu: earth (waya wopititsa pansi magetsi othawa) palibe, chotetezera munthu ku shoko palibe, chipinda chakuseri chinalumikizidwa molakwika. Ndinapsa mtima. Zaka zonsezi mababu akuyaka, firiji ikuziziritsa, palibe chinapsapo, lero mundiuze kuti nyumba yanga ndi yolakwika? Pepalalo linagona pamwamba pa kabati sabata yathunthu.

Amisiri afika lero m'mawa, bambo achikulire osakonda zolankhulalankhula, ali ndi mnyamata wowanyamulira chikwama. Ndinayamba kuwadandaulira za kampani ija, iwo osayankha. Anazimitsa switchi yaikulu, anapima kuti atsimikize kuti moto wachokadi, ndiye n'kunena kuti, "Bambo, kufika pa mita ndi pawo. Kuchoka pa mita kulowa mkati, ndi mtolo wanu. Pamene anamata paja ife sitigwirapo."

Tinayamba ndi earth chifukwa apa ndi pamene ndinali ndi mtsutso. Ndinawalozera waya wobiriwira wa mizere yachikasu m'bokosimo. Suwu earth? Anavomera kuti mtundu wake ndi womwewo, koma tiulondole. Unatsika m'paipi, unaboola khoma, unalowa pansi. Mnyamata uja anatenga khasu. Sanakumbe n'kwambiri komwe, wayawo unangotuluka wokha m'dothi ngati muzu wouma, kumapeto kwake kodukaduka. Chapambali tinapeza kachitsulo kadzimbiri kamene kanali kolumikizako, kakuthetheka m'manja. Ndikuganiza kuti unaduka chaka chimene tinkakumba ngalande ya madzi a mvula. Ngati ndi choncho, ndiye kuti takhala zaka zingapo ndi waya wongokongoletsa bokosi.

Mayi a kunyumba anali chiimire pakhomo. "Si ndinkakuuzani kuti firiji ija imandiluma ndikaigwira ndili chosavala nsapato?" Ankanenadi. Ine ndinkati ndi maganizo chabe.

Apa amisiri aja anamasuka pakamwa, ndipo zimene anafotokoza ndi zimene zandikhalitsa chete tsiku lonse. Magetsi a m'nyumba muno ndi a mavolti 230. Amalowa ndi waya wa moto, amabwerera ndi wa neutral, ndipo babu limayaka ndi awiri okhawo. Wachitatu uja sagwira ntchito tsiku lililonse, amangodikira tsiku loipa. Waya wa moto ukasupuka mkati mwa firiji n'kukhudza chitsulo chakunja, magetsiwo amafuna njira yopitira pansi. Earth akakhalapo amadutsa mmenemo. Akapanda kukhalapo amangokhala phee pa chitsulopo mpaka atabwera munthu wa mapazi onyowa.

Ndinafunsa kuti nanga ma breaker onsewa ntchito yawo ndi chiyani. Anaseka pang'ono. "Amenewo amalondera waya, bambo, salondera inu." Breaker ya ma soketi athu ndi ya ma amp 20, ndiye kuti imagwa magetsi odutsa akapitirira pamenepo, kuopa kuti waya angatenthe n'kuyatsa nyumba. Koma thupi la munthu silifuna ma amp 20. Ma milliamp 30 okha, kutanthauza 0.03 ya amp imodzi, akadutsa pachifuwa kwa kanthawi ayamba kale kuopseza mtima. Ndawerengera madzulo ano: breaker ija imadikira magetsi ochuluka kuposa pamenepo maulendo oposa 600. Munthu akhoza kuuma ali chigwirire chitseko cha firiji, breaker ili tcheru kudikira za waya wake.

N'chifukwa chake pepala lija linatchula chinthu chachiwiri, chimene amisiri amachitcha RCD, ena amati earth leakage. Kachipangizoka kamayerekeza magetsi otuluka pa waya wa moto ndi obwerera pa neutral. Akafanana, zili bwino. Akasiyana ndi ma milliamp 30, ndiye kuti ena athawira kwina, mwina kudzera mwa munthu, ndipo kamadula pasanathe gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Bokosi lathu linalibe kameneka. Analiika nthawi imene anthu sankasamala zoterezi, ndipo palibe anaganizapo zobwereranso.

Kukhoma ndodo yatsopano kunatidyera nthawi kuposa mmene ndinkaganizira. Ndi ndodo yachitsulo yokutidwa ndi kopa, yotalika mita imodzi ndi masentimita 20. Itamira yonse anapima ndi makina awo, akuzika timisomali tiwiri patali ndi mawaya ataliatali. Nambala inatuluka yopitirira ma ohm 200, muyeso wa mmene dothi likukanira magetsi, iwo anapukusa mutu. Dothi la pamenepo ndi louma, lamiyala, silitenga magetsi bwino. Ine ndi nzeru zanga zachidule ndinati tithirepo ndowa ziwiri za madzi tipimenso. "Itsikadi, bambo. Nanga mudzathira tsiku lililonse?" Anakhoma ndodo yachiwiri motalikirana ndi yoyamba kuposa kutalika kwa ndodoyo, analumikiza ziwirizo, nambala inatsika bwino. Pamwamba pake anasiya kabokosi kotsegula kuti polumikizirapo pazioneka, pasadzakwiririkenso ngati kale.

Tsono chachitatu. Apa ndilibe womuloza chala, chipinda chakuseri ndinakokera ndekha magetsi. Mng'ono wanga atabwera kudzakhala nafe, ndinatenga waya wofewa, wonga wa pa nyale ya patebulo, ndinaulumikiza kuseri kwa soketi ya kuchipinda kwathu, ndinaudutsitsa m'siling'i. Unaperewera, ndiye ndinapotokola ndi chidutswa china n'kukulunga tepi. Nthawi imeneyo ndinkati ndi wa babu limodzi ndi kutchaja foni basi. Koma munthu akakhazikika amagula zinthu. Panabwera ketulo, panabwera simbi.

Mnyamata uja atakwera m'siling'i anakhala chete kanthawi, kenako anaitana abwana ake. Anatsitsa chidutswacho. Tepi inasungunuka n'kuuma ngati phula, kopa wa mkati wada bii, ndipo akuti thabwa limene wayawo unagonapo lili ndi chipsera chotalika ngati chala. Amisiri anandiwerengera pa chikatoni: ketulo ya mawati 2000 pa mavolti 230 imakoka pafupifupi ma amp 9 payokha, waya wanga wowonda wa 0.75 (nambala ya kunenepa kwa waya) malire ake ndi ma amp 6, ndipo breaker ya 20 sinkaona vuto lililonse. Kuwonjezera apo, mawaya opotokola amakhwepa pakapita nthawi, ndipo polumikiza pokhwepa ndi pamene pamatentha kwambiri. Sanandikalipire. Anangondipatsa chidutswacho m'manja, n'kutembenuka kukapitiriza ntchito. Bola akanandikalipira.

Anakoka waya watsopano wa 2.5 m'paipi kuchokera ku bokosi, ndi breaker yakeyake, wa getsi n'kukhala wa 1.5. Ali mkati mopima anapezanso china chimene pepala silinatchule: switchi ya pakhonde inali pa neutral m'malo mwa waya wa moto. Babu limazima ndithu, koma mmene limalowamo mumatsala moto. Ndasinthapo babu limenelo kangapo nditaima pa mpando. Chisokonezo chinabwera chifukwa mbali yakale ya nyumba ili ndi mawaya ofiira ndi akuda, pamene atsopano ndi a bulauni ndi a buluu, ndipo wina pokumanitsa anatembenuza.

Masana onse anali opima. Tinazula chilichonse m'masoketi chifukwa makina ena amatumiza mavolti 500 m'mawaya kuti aone ngati chikopa chake chikudontha, ndipo akanatha kuwononga TV. Malire otsikitsitsa ndi megaohm imodzi (ma ohm miliyoni imodzi), mizere yathu yonse inadutsa. Kenako soketi iliyonse payokhapayokha, kuona ngati earth wafikadi. Ntchito yotopetsa kuonerera, ndinakagona pang'ono.

Chakumadzulo anandiitana ku bokosi, anandionetsa kabatani ka chilembo T pa RCD paja. Ndinadina. Thapu! nyumba yonse zii. Anati ndizidina miyezi ingapo iliyonse, tsiku limene kadzakane kugwa ndiwaimbire. Analemba manambala onse pa chikalata, anasaina, ananyamuka.

Ndimati zatha. Cha m'ma 7 koloko tili pabalaza, magetsi thi. Kwa anansi kukuwala. Ndinapita ku bokosi, RCD yagwa. Ndinaikweza, inakhala. Patangopita mphindi, yagwanso, ndipo kuseri kunamveka mawu a mng'ono wanga: "Achimwene, chinthu chanu chatsopanochi n'chakufa!" Ndinamufunsa chimene walumikiza. Simbi. Tinaizula, magetsi anakhazikika. Tinaibwezera, isanatenthe n'komwe, mdima. Nditaiyang'anitsitsa pa tochi, chingwe chake chaphwanyika pamene chimalowera m'simbimo, timawaya tikuonekera. Wakhala akusitira imeneyi m'mawa uliwonse.

Ndadula pulagi yake kuti wina asayesenso usiku. Iye wakhumudwa, akuti mawa apita bwanji kuntchito ndi malaya okwinyika. Nanenso anga ndi okwinyika, ndipo ndiyenera kulawirira kukapereka chikalata chija kuti adzabwere kudzayendera.