Fulashi ya mwana wa mlongo wanga

Lachiwiri la sabata yatha mwana wa mlongo wanga anandipeza mu ofesi maso ali psuu. Ali chaka chachinayi pa yunivesite yomwe ndimagwirapo ntchito yosamalira makompyuta muno mu Lusaka, ndipo anali atatsala ndi masiku atatu kuti apereke pulojekiti yake. "Malume, zonse zapita," anatero akundipatsira fulashi.

Ndinaiika mu kompyuta yanga yoyesera, imene sindiilumikiza pa netiweki. Mafoda onse anali atasanduka ma shortcut, tizithunzi tija tokhala ndi kamuvi pakona. Mafailo sanafufutike ayi. Vairasi imeneyi imangowabisa n'kuika ma shortcut m'malo mwake, ndipo ukangodina limodzi, imalowa m'kompyuta n'kumadikirira fulashi yotsatira. Nditalemba lamulo la attrib, lomwe limabisula mafailo obisidwa, mu command prompt (polembera malamulo a kompyuta), ntchito yake yonse inaonekeranso. Anaitengera ku kashopu kosindikizira mapepala kunja kwa geti, kumene kompyuta imodzi imalandira mafulashi a ophunzira tsiku lonse.

Iye anapumira m'mwamba, koma ine mtima sunakhale pansi nditatsegula laputopu yake. Ma update, zigamba zimene zimatseka mipata yolowera mavairasi, anawatseka kalekale poopa kuti amuthera bando ku boarding house yomwe amakhala ku Kalingalinga. Ndimamvetsa, ndalama ya bando ndi yomweyo ya ndiwo. Koma laputopu yomweyo m'mawa uliwonse imabwera pa kampasi n'kulumikizidwa pa Wi-Fi limodzi ndi makompyuta a mulaibulale ndi a aphunzitsi. Pamene kampani ya ZAMNET inkabweretsa intaneti m'dziko lino kuchokera ku yunivesite ya Zambia (UNZA) mu 1994, makompyuta anali owerengeka. Lero wophunzira aliyense amalowa pageti ndi foni m'thumba, ambiri ndi laputopu yomwe, ndipo tonse timatunga pa chitsime chimodzi.

Ndinamufotokozera za WannaCry. Mu Meyi 2017 vairasi imeneyi inagwira makompyuta m'maiko oposa 150, mpaka zipatala za ku Britain zinkabweza odwala. Sinkadikira kuti munthu adine kanthu. Inkadziyendera yokha pa netiweki kudzera pa khomo la 445, pomwe makompyuta a Windows amagawanirana mafailo, kutseka mafailo n'kufuna dipo. Chimandiwawa n'choti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu Malichi chaka chomwecho. Ambiri ogwidwa anali oti sanachiike.

Kenako ndinamufunsa za pasiwedi. Anaweramitsa mutu. Ya eduroam, Wi-Fi ya pasukulu imene timaipeza kudzera ku ZAMREN, bungwe lolumikiza mayunivesite a m'dziko lino pa intaneti, anali atapatsako anzake awiri a m'chipinda, ndipo ndi yomweyo ankatsegulira imelo ndi Facebook. "Iwe," ndinatero, "chilichonse chimene angachite anzakowo pa netiweki, ife kuno timaona dzina lako. Wofunsidwa udzakhala iweyo." Sachita izi mwa chipongwe ana athuwa, n'chifundo chabe, ndipo n'chifukwa chake kuwaletsa kumavuta.

Tinasintha mapasiwedi onse, lililonse lakelake, n'kuika kuti imelo izifunanso nambala yobwera pa foni. Anakhala pa benchi mpaka madzulo ma update akulowa pa Wi-Fi ya pasukulu, yomwe siimudyera bando. Pulojekiti anaipereka Lachisanu. Pokasindikiza anaitumiza pa imelo ngati PDF, fulashi inatsala m'dilowa yanga.