Robert Smalls: kapolo amene anadzakhala phungu

Pa phunziro la mbiri ya dziko la America takhala tikuwerenga za nyengo yotsatira nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kummwera zimene zinkafuna kupitiriza ukapolo, ndipo munthu amene moyo wake wandipatsa zambiri zoganizira ndi Robert Smalls wa m'chigawo cha South Carolina. Iyeyu anabadwira mu ukapolo m'chaka cha 1839 m'tauni ya Beaufort. Ali ndi zaka 12, mbuye wake Henry McKee anamutumiza ku Charleston kukagwira maganyu, malipiro ake ambiri n'kumapita kwa mbuyeyo, ndipo kudoko la kumeneko ndi kumene anaphunzira kuyendetsa sitima zapamadzi.

Nkhani imene mabuku amaikonda ndi ya m'bandakucha wa pa 13 Meyi 1862. Azungu oyang'anira sitima ya asilikali a kummwera yotchedwa Planter atapita kukagona kumtunda, Smalls ndi akapolo anzake anailiza, natenga mabanja awo, n'kulunjika kunyanja. Iye anavala chipewa cha kaputeni, anadutsa linga la asilikali a kummwera la Fort Sumter akupereka zizindikiro zoyenera, ndipo anakapereka sitimayo pamodzi ndi mizinga yake kwa asilikali a kumpoto. Kulimba mtima kumeneku palibe angakutsutse, komabe ine ndikuona kuti usiku umodziwu umaphimba zaka pafupifupi 30 za ntchito ina yolemera kuposa pamenepa.

M'chaka cha 1868 Smalls anali mmodzi mwa nthumwi zimene zinalemba malamulo atsopano oyendetsera South Carolina, ndipo mfundo imene anaiumirira inali yoti boma likhazikitse sukulu zaulere za ana onse. Zimenezi zinachokera kwa munthu amene anaphunzira kuwerenga atakula kale, popeza kuphunzitsa kapolo kulemba kunali mlandu m'chigawocho. Chaka chomwecho anasankhidwa kukhala phungu wa chipani cha Republican m'nyumba ya malamulo ya chigawo, mu 1870 anakwera kupita ku nyumba ya maseneta, ndipo kuyambira mu 1875 anaimira dera lake m'nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington. Anali atagulanso nyumba ya McKee ku Beaufort boma litaigulitsa chifukwa cha ngongole ya msonkho.

Mbiri yake ili ndi banga limene sitiyenera kulilumpha. Mu 1877 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wolandira chiphuphu cha madola 5,000, ndipo anakhululukidwa mu 1879. Koma mlanduwu unabwera adani ake a chipani cha Democratic atangolanda boma la chigawo kudzera m'ziwawa ndi kubera mavoti, choncho n'kovuta kuuwerenga ngati mlandu wamba.

Chimene chandikhudza koposa ndi msonkhano wa 1895 wolembanso malamulo oyendetsera chigawo, umene Benjamin Tillman, seneta wa chipani cha Democratic, anaukonza ndi cholinga chochotsa anthu akuda m'kaundula wa ovota pogwiritsa ntchito msonkho, mayeso a kuwerenga ndi kuchuluka kwa katundu amene munthu ali naye. Nthumwi zakuda zinalipo 6 zokha, ndipo zinkadziwa kuti sizipambana. Ngakhale zinali choncho, pamene azungu anabweretsa lamulo loletsa ukwati pakati pa azungu ndi anthu akuda, Smalls anapempha kuti awonjezerepo mfundo yoti mzungu aliyense wokhalira limodzi ndi munthu wakuda asapatsidwe udindo m'boma, ndiponso kuti ana obadwa mwa njira imeneyi azitenga dzina ndi chuma cha bambo awo. M'maganizo mwanga, iye ankafuna kuti chinyengo cha opanga lamulowo chilembedwe m'mabuku a msonkhano, ngakhale mfundoyo ikanidwe. Inakanidwadi, ndipo iye anakana kusaina malamulo atsopanowo.

Smalls anamwalira ku Beaufort mu 1915. Anthu akuda ambiri a ku South Carolina anakhala osavota mpaka boma la America litakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wovota mu 1965.