Tasainirana za malipiro, koma Lachinayi lija limandiwawabe

Dzulo tasainirana ndi mabwana, ndipo usiku wathawu ndagona tulo tabwino koyamba m'miyezi itatu. Ine ndimadulitsa ziphaso pamsika kuno ku Mangochi. Ndine wolembedwa ndi khonsolo yeniyeniyo, malipiro anga sachokera ku Capital Hill, amachokera m'ndalama zomwe timatolera tokha. Anzanga a m'yuniyoni ndi amene anandisankha kuti ndikawalankhulire.

Mabwana ankafuna kuti malipiro a aliyense akwezedwe molingana ndi malikisi a pafomu yoyesera kagwiridwe ka ntchito. Ife tinkafuna kuti tikwezedwe tonse. Ganizo lawolo pongolimva limakoma, pakuti tonse timawadziwa anzathu aja amasowa pamsika dzuwa likangotentha. Koma afunseni kuti muyesa ndi chiyani. Anatiyankha kuti ndalama zotolera. Ndiye munthu wa pamsika waukulu wa paboma, kapena wa ku Monkey Bay usipa ukachuluka, mungamuyerekeze ndi wa kamsika ka ku Makanjira, komwe mvula ikalimba galimoto sizidutsa? Nanga wosesa ndi mlonda amatolera chiyani? Komanso wolemba fomuyo mwina chaka chonse sanakuonepo uli pantchito.

Musanapite kukakambirana, werengani mamembala anu ndipo mayina akhale papepala. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limati yuniyoni ikakhala ndi antchito 20 pa 100 alionse, bwana ayenera kukhala nayo pansi. Ife anayamba kutifunsa zimenezo.

Tsopano Lachinayi lija. Mabwana anatiitanira ku zokambirana pafoni chabe, kalata panalibe. Mnzathu wina anadzuka m'bandakucha ku Namwera, wina anagona panjira kuchokera ku Makanjira, ndalama ya matola anachita kukongola. Tinakhala pabenchi kuyambira 8 koloko m'mawa, kutentha kwa kuno mukukudziwa. Cha m'ma 2 koloko ndi pamene mlembi anatulukira n'kunena kuti, “Pepani abambo, mabwana ali ku msonkhano kunyanja, mudzabwere sabata ya mawa.” Palibe amene anatibwezera ngakhale ya thiransipoti. Mayi wa ku Makanjira uja anangokhala chete, misozi ili m'maso. Chonde, tsiku la zokambirana muzilipempha pakalata yodindidwa, musamavomere za pafoni.

Ndaiwala kunena za maperesenti, pomwe tinatsala pang'ono kupusitsidwa ndi ife eni. Poyamba tinkapempha peresenti imodzimodzi kwa onse, tikuyesa kuti ndiye chilungamo. Mlonda wina wachikulire ndi amene anatiwerengera: 10 peresenti ya K90,000 ndi K9,000, pomwe ya K500,000 ndi K50,000, koma thumba la chimanga mtengo wake ndi umodzi kwa onse. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene wapsa kwambiri ndi wapansiyo. Tinasintha n'kupempha ndalama yofanana kwa aliyense.

Pamapeto tagwirizana kuti ndalama yofananayo ibwere kaye kwa tonse. Ya malikisi ikhale yongowonjezera pamwamba, ndipo isayambe mpaka muyezo wa ntchito iliyonse utalembedwa, wantchito aziona fomu yake asanasaine, ndipo akakhala ndi dandaulo azikhala ndi koti akadandaule. Ena m'yuniyoni akundida kuti ndinavomera za malikisizo. Ine sindikana kuti wolimbikira apatsidwe kenakake, chomwe ndinkakana n'chakuti ana a munthu agone ndi njala chifukwa bambo awo sagwirizana ndi kapitawo.

Maminitsi azisainidwa tsiku lomwelo musanatuluke m'chipindamo. Ife kawiri konse tinapeza zomwe tinagwirizana zitalembedwa mosiyana, mpaka tinayamba kujambula pepala lililonse pafoni. Zonse zikhale papepala, ndi chidindo. Kope yanga ndaisunga m'chikwama, ndikudikira malipiro a mwezi uno kuti ndione ngati ndalamayo yalowadi.